Kachigayo Kopanda Chiphaso

Ine ndimasunga pepala lililonse, ngakhale tikiti ya basi. Nditasankha kachigayo ka khofi kopukusa ndi dzanja, kachitsulo osati kagalasi kuti kasasweke paulendo, lisiti lake ndinalisunga bwinobwino.

Pobwerera ku Senga Bay ndi akazi anga, apolisi anaimitsa minibasi yathu. Mmodzi anapisa m'chikwama changa n'kutulutsa kachitsuloko.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

"Kachigayo, bwana."

"Chigayo? Nanga chiphaso chake chili kuti?"

Chiphaso! Pepala limenelo ndinalibe. Ndinadziona ndili m'chitokosi, ine mphunzitsi wopuma ntchito amene sindinalakwirepo boma.

"N'ka mayiwa," ndinatero, ndikuloza akazi anga.

Inde, ndinawapereka, mayi amene ndakhala nawo chiyambire unyamata wanga. Wapolisiyo anaseka mpaka kugwira chitseko. Ankangondinyogodola. Akazi anga sanaseke.

Mpaka lero kachigayoko amakakiyira m'kabati. Ndikawaonetsa lisiti, dzina langa lili pomwepo, amangoti, "Abambo, munanena nokha pamaso pa boma kuti n'kanga."

Ndiye m'mawa uliwonse ndimamwa tiyi.