Sipidomita ya adada yafiiranso

Moni nonse pabanja.

Motoka ya malemu adada yayenda lero! Ija anagula nthawi ya ufulu, imene yakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba ku Dambwa. Achimwene ba Yotamu amaliza kuikonza m'mawa uno, ndi sipidomita yomwe. Akuti munali kachingwe koduka ndi fumbi lokhalokha.

Mukukumbukira amayi ankatiuza kuti sipidomita imeneyi inkasintha mtundu, ife n'kumawaseka? Tinawakweza kutsogolo, n'kulowa msewu wa ku eyapoti. Abale, m'sipidomitamo mulibe muvi. Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa, kenako kanasanduka kachikasu, ine ndikuona ndi maso angawa.

Ba Yotamu atapondako pang'ono, kamzere kanafiira psuu. Pomwepo amayi anawamenya paphewa: "Bambo a Yotamu, chepetsani! Muli ndi ana kumbuyoku!"

Amayi ankalankhula ndi malemu adada. Atazindikira anaseka, misozi ili mbwembwembwe, nati, "Pondanso mwanawe, ndione bwino."

Tsono pali mkulu wina akufuna kuigula motokayi, akubwera Loweruka. Ine mtima wakana. Inu mukuti bwanji?