Gudumu la Amalume ku Dimba la Tomato

Linali limu la njinga lopanda tayala, m'mphepete mwake atamangiriramo mabotolo asanu ndi atatu, lililonse lili ndi madzi theka. Amalume analikhomera pa mtengo wa mphanda, pafupi ndi chitsime cha ku dimba kwathu ku Chikweo. Dzuwa likaomba madzi a m'mabotolomo ankanyezimira, ndipo ukalikankha linkalira kuti kwetche kwetche.

Chaka chimenecho ndinali mu Sitandade 7. Bambo anali ku Joni, amayi anali oyembekezera, miyendo itatupa moti zilipasi zinkakana kulowa. Tomato wa ku dimbayo ndiye ankatidyetsa, ndipo tomato sadziwa zoti munthu ali ndi sukulu. M'mawa uliwonse ndinkasenza makheni othirira mpaka mapewa kuchita dzanzi, n'kufika m'kalasi masamu atatha. Tsiku lina amayi analankhula mosapsatira kuti, "Temu ino ukhale kaye, udzabwererako mwana akabadwa." Atsikana anzanga amene anakhala kaye ndinkawadziwa onse, ndipo panalibe amene anabwerera. Ndinakalirira kuseri kwa nkhokwe.

Amalume, achimwene awo a amayi, anali okonza njinga, munthu wa nkhani zosatha. Ankakhala kuchikamwini, tsidya la dambo. Mkamwini thukuta lake limagwera m'munda wa kwa mkazi wake, ndipo akayamba kukhalitsa ku dimba la mlongo wake apongozi sachedwa kung'ung'udza. Atamva za ine sanatsutsane ndi amayi. Anangobwera ndi limu lija, paipi, ndi chingwe chovekedwa timphira todula ku tayala lakale.

Nzeru yake inali yakuti gudumu likamazungulira, chingwe chizidutsa m'paipi n'kumakweza madzi kuchokera m'chitsime kugwera mu ngalande. Nanga gudumulo alizungulitse ndani? "Lokha," anatero amalume. "Mabotolo a mbali iyi azilemera kuposa a mbali iyo. Likayamba layamba, Inshaallah, mpaka tsiku la Kiyama, tsiku lachiweruzo."

Anthu anabwera ambiri kudzaonerera. Amalume anati Bisimila, n'kulikankha. Linazungulira kasanu ndi kawiri, ndinawerenga ndine, kenako linagwedera uku ndi uku ngati mbuzi yokana chingwe, n'kuima. Madzi amene anatuluka sakanadzaza kapu. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, koma amalume anangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anakhuthula madzi n'kuthira mchenga. Mchenga utakanika anaika timiyala. Ine ndinkawakhulupirira ndi mtima wonse, poti ndinalibe kwina kogwira.

Loweruka lina kunabwera aphunzitsi athu, bambo wa ku Balaka amene sankasiyana ndi ambulera ngakhale m'chilimwe. Anazungulira makinawo kawiri. Kenako anatiuza kuti amalume sanali oyamba. Kalekale ku India ena anayesa gudumu lamtundu womwewu, ku Ulaya nako kwa zaka mazanamazana anthu anzeru anamangirira zitsulo zolendewera, ena n'kumafuna kuti madzi ogwa azidzikwezanso okha. Onse zinawakanika. Chimene chatsika mbali iyi chiyenera kukwezedwanso mbali iyo, ndipo pakati pamene gudumu likukhuzana ndi chitsulo pamadya kamphamvu nthawi iliyonse.

"Ndiye kuti olo nditani?" anafunsa amalume motsitsa mawu.

"Olo mutani, achimwene. Iyayi ndithu."

Amalume anavula kofiya n'kuiyang'ana m'kati kwa kanthawi. Ataivalanso anaseka. "Azungu amenewo analibe girisi wabwino," anatero.

Lolemba ndinawapeza ali kale ku dimba, atachokera ku mzikiti ku swala ya m'mawa, akupukusa gudumu ndi dzanja. Nditatenga kheni anandikalipira. "Ndikuyesa makina pano, iwe ukundisokoneza. Tiye kusukulu!" Amayi anafuna kutsutsa, koma madzi anali akuyenda mu ngalande, ndipo anangotenga khasu n'kukhala pa chitsa kumawaongolera m'mabedi.

Zinakhala choncho nyengo yonseyo. Poyesa makina pankafunika kuwazungulitsa, ndipo akamazungulira madzi ankatuluka. Pofika nthawi yoti amalume apukuse mutu n'kunena kuti lero lakananso, dimba lonse linali litanyowa. Tsiku lililonse ankasintha kanthu, botolo lina kulipendeketsa, lina kulichotsa. Kuchikamwini kwawo anawapatsa dzina loti a Injiniya, ndipo apongozi awo ankauza aliyense pachigayo kuti mkamwini wawo mutu wazungulira kuposa gudumu lake. Ankanena akuseka, ndipo palibe anawaletsa kubwera.

Ndikanena zoona, inali nyengo yokoma. Ndinkafika kusukulu belu lisanalire, manja osanunkha masamba a tomato. Pobwerera ndinkathyola tomato wofunda ndi dzuwa n'kumudya ndi mchere, mapazi ndili nawo m'matope ozizira a mu ngalande. Chimene chinkandiwawa chinali chimodzi: anzanga akamandiitana kuti mwana wa mlongo wa a Injiniya, ndinkachita manyazi. Tsiku lina ndinawadutsa amalume pamsika osawapatsa moni. Lero ndikakumbukira ndimachita manyazi ena.

Mwana anabadwa, mvula inagwa, ine ndinakhoza kupita mu Sitandade 8. Tsiku lotsekera ndinalimba mtima n'kupempha aphunzitsi kuti akawafotokozerenso amalume bwinobwino, mwina ulendo uno amva, anthu asiye kutiseka.

"Amalume ako anamva tsiku lomwe lija," anatero aphunzitsi.

Ndinapita kunyumba ndili wodabwa. M'mutu mwanga simunkalowa zoti munthu wamkulu angadziwe kuti chinthu sichidzayenda chokha, koma n'kumalawirirabe kukachipukusa m'mawa uliwonse, mudzi wonse ukumuseka.