Chitsulo Chimene Sindinapemphe pa Njinga Yanga

A Fundi Selemani, mmisiri wa zitsulo wa pa Kota Kota, andiluzitsa ntchito ndi paipi imodzi. Sindikuwanamizira. Anthu analipo, ndipo ena mwa inu munaseka nawo.

Amene simundidziwa, ndine Yohane wa ku Chia, wotsimphina uja. Mwala unandigwera m'chiuno kumgodi ku Joni. Mwendo wamanja kuyenda umayenda, kupalasa umapalasa, koma kuti ndiuponye m'mwamba monga achitira amuna anzanga pokwera njinga, ayi. Phazi limangofika pa msinkhu wa bondo, basi lakana.

Nditabwera kumudzi, Mmwenye wina wa sitolo pa boma anandilonjeza ntchito yozungulira m'midzi kuyambira ku Chia mpaka ku Bua kumugulira mpunga. Anati ndibwere ndi njinga yangayanga anthu akangoyamba kudula, apo ayi apatsa wina. Ndili ndi mkazi ndi ana. Khasu sindilitha bwino, bwato sindingakhalemo tsiku lonse. Ntchito imeneyi ndiyo inali chakudya chathu.

Njinga za m'sitolo zonse zinali zachimuna, za chitsulo chopingasa chija chochokera pachishalo kufika pahandulo. Yachikazi ndinaionapo imodzi, ya dona wa kumishoni, yosati n'kunyamula ngakhale theka la thumba. N'chifukwa chake ndinapita kwa a Selemani, amene amati kuwotcherera anakaphunzira ku Halale, kuti andipangire felemu yoyenera thupi langa.

Ndinawafotokozera chimodzichimodzi. Felemu ikhale yotsika pakati, yopanda chitsulo cha pamwamba. M'malo mwake aike mapaipi awiri okhuthala pansi kuti isapindike ndi katundu. Kaliyala ikhale yotakata, chishalo chotsika. Matayala, tcheni ndi mapedulo ndinabwera nazo ndekha kuchokera ku Joni. Ndiye kuti asadzanene kuti sanamve, ndinakweza mwendo pamaso pawo mpaka pamene umathera. Iwo anathyola bango, n'kuyeza kuchokera pansi kufika paphazi langa, n'kulisomeka padenga.

"Inshallah, achimwene, mudzakwera ngati mukulowa m'nyumba mwanu," anatero. Ndinalipira zonse tsiku lomwelo.

Kenaka maulendo. Kuchokera ku Chia wapansi, ndi mwendo umenewu. Ulendo woyamba anati mkuwa wowotcherera watha. Wachiwiri linali Lachisanu, ndinapeza apita kumzikiti. Pamenepo sindidandaula, munthu azipemphera. Wachitatu anandikaniza kulowa kuseri kumene amagwirira ntchito, ati penti akadali wauwisi. Uku kudambo mpunga wafiira, anthu akunola zikwakwa. Mkazi wanga Nabanda ndikabwera chimanjamanja ankangondiyang'ana. Mtima unali m'mwamba.

Loweruka lomaliza ndinafika dzuwa lili paliwombo. Pansi pa mtengo wa mango panali amuna akusewera bawo, pambali pawo chinthu chofunditsidwa chiguduli. A Selemani anatuluka akumwetulira, n'kuchotsa chiguduli chija pang'onopang'ono kuti onse aone. Njinga yakuda bii, yonyezimira, belu lomwe aikapo. Ndipo pamwamba, kuchokera pachishalo kufika pahandulo, chitsulo chija chitapingasa bwinobwino.

Ndinafunsa kuti njinga imeneyi ndi ya yani. Anati ndi yanga. Ndinafunsa kuti nanga bango lija? Linali likadali padenga pomwe analisomeka.

Tsono tamvani chifukwa chake. Ati anakumana ndi atsibweni anga, a Chimbalanga, pamsika wa nsomba, n'kuwauza za ntchito imene ndawapatsa. Atsibweni anakwiya. Ati mwana wa mlongo wawo, munthu wandevu zake, wobwera ku Joni, sangamayende pa njinga yachikazi. Ati mbumba yonse isekedwa mpaka ku Nkhunga.

"Ine ndine yani kuti nditsutse eni mbumba?" anatero a Selemani, manja atatambasula. "Akulu akalamula, ife amisiri timangoti inde. Ndakusungirani ulemu."

Ulemu? Kodi mwala uja unagwera atsibweni? Ndalama analipira ndiwo? Atsibweni anga chibadwire sanakwerepo njinga, amadziwa bwato ndi nkhafi basi. Ndipo maulendo onse aja ndinkabwera pakhomo pa a Selemani, pakamwa pawo panali potseka ndi chiyani? Ankadziwa. Penti wauwisi uja anali wobisira chitsulocho.

A Selemani anandiuza kuti mwendo wangawo ndi mantha chabe, ndiyese ndione. Abawo aja anasiya kutakata, maso onse pa ine. Ndinapsa mtima, ndinachitanso manyazi, ndiye ndinayesa. Ndinagwira handulo, n'kuponya mwendo ndi mphamvu zanga zonse. Bondo linamenya chitsulo, m'chiuno munachita ngati wina walasamo mpeni, ndipo ndinapezeka ndili pansi njinga ili pamwamba panga. Anthu anaseka. Ulemu wa mbumba yathu unali pamenepo, m'fumbi.

Nditadzuka ndinati dulani chitsulochi tsopano lino, ndidikira. Anati sizingatheke. Popeza anaika cha pamwamba, pansi anangoika paipi imodzi yopyapyala, ndiye akadula felemu ipindika ndisanafike pamsika. Nanga mapaipi okhuthala aja? Ati anawotcherera pa ngolo ya munthu wina, poti kwa ine sanalinso ofunika. Ena abwera pa sitima ya panyanja. Liti? Ati Mulungu ndiye adziwa. Ndinati ndibwezereni ndalama zanga. Ati ndalama zinasanduka chitsulo, ndipo chitsulocho ndi chimenecho, nditenge.

Lolemba m'mawa ndinaikankha mpaka kusitolo. Mmwenye uja anatuluka, n'kuiyang'ana, n'kunena kuti ndikwere aone. Ndinali nditaganiza kale chochita. Ndinaiyandikiza pakhonde la sitolo, n'kuima pamwamba pa khondepo, n'kudutsitsa mwendo mosavuta. Ndinapalasa kuzungulira bwalo. Mwendo unagwira ntchito yake bwinobwino, ndipo ndinamuona akugwedeza mutu movomereza. Ndinati mwina ndapulumuka.

Kenaka anakweza dzanja kuti ndiime pomwepo, pakati pa bwalo.

Kuima ndikanaima, koma kutsika ndikanatsika bwanji? Ndinamudutsa ngati sindinaone. Ndinazunguliranso, thukuta lili kamukamu, mpaka ndinabwerera pakhonde paja n'kutsikira pamenepo. Sanandiseke, zimenezo ndimuchitira umboni. Anangondifunsa motsitsa mawu ngati m'madambo a ku Chia muli makhonde. Ntchito anapatsa Mateyu wa ku Nkhunga, amene ankadikira pambali ndi njinga yobwereka.

Ndiye ndikufunsa a Selemani, ayankhe pamaso pa anthu omwe anaseka aja. Munthu akabwera kwa inu ndi thupi lake ndi ndalama zake, mumayeza iyeyo kapena abale ake? Ndipo inu anzanga obwera kumigodi ndi zilema zanu, wa dzanja, wa msana, wa diso, chenjerani. Mukapereka ntchito kwa mmisiri ameneyu, khalani pomwepo muziona paipi iliyonse ikamalowa pamoto. Akati penti ngwauwisi, lowani ndithu, mude zovala.

Sabata isanathe Mateyu anafika pakhomo panga. Ati mwini njinga yobwereka ija akuifuna, kodi yangayi sindingamugulitse? Ndinafuna kumuthamangitsa. Nabanda anangotsegula dengu la makaka a chinangwa kuti ndione pamene atsala. Ndinamugulitsa pa mtengo umene ananena iyeyo.

Tsopano m'mawa uliwonse amadutsa kuseri kwa nyumba yanga popita kudambo, matumba atamanga pakaliyala yotakata ndinapempha ndekha ija. Ndi munthu waulemu, sadutsa osandiimbira belu.