Azakhali, injini ija munaizimitsiranji?

Kwa azakhali anga aNaphiri, amene mukupuma kumwamba popanda nkhawa: ndikupereka dandaulo langa mwaulemu koma mokwiya. Lero pa Nathenje ndinawerama m'minibasi n'kupemphera isananyamuke, kondakitala n'kundifunsa ngati ndikudwala. Munthu wa digiri ngati ine kusekedwa chonchi! Olakwa ndinu. Mukukumbukira chaka chija zipani zitangoyamba kumene, matalala atawononga fodya wathu yense? Munandiperekeza pa Mitundu popita ku koleji, ine ndikulira kuti sindikamaliza sukulu. Titakwera galimoto, munauza dalaivala kuti azimitse injini tipemphere. Iye anati, "Mayi, iyi ikazima sidzuka." Inu munati, "Zimitsani, bambo, Mwini msewu atimve bwino." Titanena ameni, galimoto inakanadi kulira. Tonse tinatsika n'kuyamba kukankha m'matope, anthu akukutukwanani, inu mutamanga chitenje m'chiuno n'kumandiuza kuti, "Kankha, mwana wanga, Mulungu ali kumbuyo kuno, akukankha nafe."

Mawa ndikukamva zotsatira za kuchipatala za mwana wanga Tadala, mdzukulu wanu amene simunamuone. Ndapemphera mpaka mawu kutha, azakhali, koma kumwambako kuli zii, ndipo ndatopa. Ndikukankhabe poti njira ina sindikuidziwa, komanso Iye sanandisiyepo ndekha m'matope. Chipepeso chimene ndikufuna n'chochepa: mukapemphe tchuthi kwa angelo, mutsike mawa m'mawa, mudzakhale nane pa benchi ya kuchipatala mutandigwira dzanja. Akakukanizani, muwauze kuti ndikasuma.