Nyimbo ya Amayi Itachoka Pamtondo

Ndikukumbukira chaka chimene mawu a amayi anayamba kukwera minibasi, eni ake ali phee kunyumba. Tinkakhala ku Liwaladzi, ine ndili ku pulayimale. Bambo anali msodzi, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti ali ndi chibwenzi ku Dwangwa. Amayi sankakangana nawo. Ankadikira tsiku losinja mpunga, n'kumaimba motsatana ndi munsi: "Chambo chapita kwa wina, kwanga kwabwera mamba." Kwathu zoimba pamtondo sizikhala mlandu. Bambo ankamva ndithu, koma ankangoweramira ukonde ngati wang'ambika kwambiri.

Mlongo wawo wa amayi, amalume anga a Saidi, ankaikira anthu nyimbo m'mafoni ku Dwangwa komweko. Anali munthu wa manja oyabwa. Atabwera kudzationa anajambula amayi mobisa, n'kukadula mzere umodziwo, n'kuusakaniza ndi ng'oma za pakompyuta.

Nyimboyo ndinaimva ndikuweruka kusukulu, minibasi itaima pamsewu.  Anali amayi enieni, ndi kupuma kwawo kwa munthu wotopa, akubwereza "mamba, mamba," kondakitala akugwedeza mapewa. Ndinathamanga mpaka kunyumba. Nditawauza amayi, anakhala pansi pafumbi, lichero lili m'manja.

Amalume ataitanidwa anabwera akuseka. "Achemwali, nyimbo ya pamtondo ilibe mwini. Oimba onse amatapa kwa anzawo."

"Mwini wake umudziwa mlamu wako akaimva," anatero amayi.

Bambo anali kunyanja masiku amenewo, ndipo ine ndinkaopa zedi kuti atisiya.  Wailesi ikalira kwa aneba, ndinkangoti ndi nyimbo yomweyo. Ndinkapemphera kuti mafoni onse a m'boma la Nkhotakota agwere m'madzi. Koma nyimbo inali itafika kale kugombe, asodzi anzawo akuwaimbira bambo pokoka ukonde.

Bambo anafika masana, akununkha utsi wa nsomba. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa ndodo. Anakhala pakhonde, kenako anati, "Make Asiyatu, kale munkandiimbira ndekha. Pano mwandivula pamsika."

Amayi anayesa kufotokoza, koma bambo anali atayamba kupinda malaya awo. Anapita ku Dwangwa ndipo sanabwererenso kudzakhala nafe. Kuyambira pamenepo amayi ankapita ndi mpunga kuchigayo.

Masiku ano ndimamva oimba akukangana pawailesi za yemwe watapa nyimbo ya mnzake popanda kupempha. Amayi sanapemphedwe, ndipo analibe kokadandaula. Anamwalira osaimbanso. Chaka chatha mwana wanga anaipeza nyimboyo pafoni ya mnzake, akuivina osadziwa kuti ndi agogo ake. Ndinamulanda foniyo kuti ndiifufute nyimboyo. Ndinalephera. Mawu a amayi anga sanatsale kwina kulikonse.