Zombo zanga ndi msodzi wa bedi loyandikana

Chaka chimene ndinathyoka mwendo ndinagona masabata atatu m'chipatala ku Mua. Ndinagwa pa njinga pamtsetse, ndikuzemba mbuzi yomwe inalibe n'cholinga chomwe chowoloka msewu. Nthawiyo ndinali mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina kufupi ndi Mtakataka, ndipo ndinkadzimva kuti za nyenyezi palibe wondiposa m'dera lonselo.

Mlamu wanga, pondimvera chisoni, anandiikira gemu m'foni. Inali ya nkhondo ya m'mlengalenga: umakumba miyala pa pulaneti lako, kupanga zombo, kenako kukalanda pulaneti la adani. Malevulo oyamba ndinawadutsa ngati kumwa madzi. Ya chikhumi ndiyo inandiimitsa. Adaniwo anali ndi chichombo chakuda cholondera pakhomo pawo, ndipo nzeru yanga inali imodzi yokha, kusonkhanitsa zombo zanga zonse n'kuzitumiza maso ndi maso. Zinkapsa ngati tchire la mu Okutobala. Ine n'kuyambiranso. Masiku anayi, zomwezo.

Pa bedi loyandikana panali bambo wina, msodzi wa kunyanja, yemwe bala lake la kuphazi linkakana kupola. Sankalankhula kwenikweni. Tsiku lachisanu, titangomwa phala, anatembenuka.

"Aphunzitsi, kanyimbo kameneko kamalira mukapambana kapena mukafa?"

"Ndikafa."

"Ndiye mwafatu kambiri."

Ndinawafotokozera gemuyo ndi mawu anga a m'kalasi, ndikuthiramo Chingelezi mwadala. Iwo anangotsinzina diso limodzi n'kuyang'ana pagalasi.

"Chakudacho chimatsata chiyani?"

"Chilichonse chomwe chayandikira."

"Nanga bwanji mukuchipatsa zonse? Ife usipa sitiuthamangitsa. Timatsogoza bwato limodzi la nyali, usipa n'kuunjikana pamenepo, enafe n'kuzungulira ndi khoka kumbuyo."

Ndinaseka mpaka mwendo unandikumbutsa. "Abambo, kuno ndi kumlengalenga. Kulibe madzi."

"Chabwino. Pitirizani kufa."

Ndinafanso kawiri, chifukwa cha kunyada basi. Kenako ndinadikira kuti apite kokatsukitsa bala, ndipo ndinayesa mobisa. Ndinatumiza chombo chimodzi kumanzere, zotsalazo n'kuzigawa pawiri. Chichombo chija chinatsatadi! Ndinathamangitsa zonse nthawi yomweyo, ndipo kanyimbo kanalira bamboyo akulowa pakhomo ndi ndodo yawo.

"Mwakoka msanga," anatero, osandiseka n'komwe, zomwe zinandiwawa kuposa kusekedwa. "Dikirani chitembenuke chonse. Komanso pa nyambo musamaike chombo chabwino. Ikani chakutha."

Anakhala m'mphepete mwa bedi langa. Ndinatumiza kachombo kotchipa kuposa tonse. Ndinkafuna kutumiza zinazo pompo, iwo akungoti, "Ayi. Ayi. Dekhani, aphunzitsi." Chichombocho chitatipatsa msana, anandigunda paphewa. "Kokani!"

Chinaphulika. Ndinakuwa mawu omwe sindinakuwepo ngakhale tsiku la ukwati wanga, n'kumenyetsa mwendo wa chikhakhawo pa chitsulo cha bedi. Kukuwa kwachiwiri kunali kwa ululu weniweni. Namwino anabwera chothamanga, akuganiza kuti wina watsirizika.

"Chachitika n'chiyani kuno?"

Msodziyo, nkhope ili phee, anayankha: "Apha nsomba yaikulu, anesi."

Namwinoyo ataona foni anangogwira m'chiuno. "Bambo wamkulu ngati inu? Ndiye ana a sukulu mumawalanda mafoni?"

Masana mkazi wanga anabwera ndi mpunga wa ku Bwanje, ndipo nkhani inamupeza asanakhale n'komwe pansi. Sanakalipe. Anatenga foniyo n'kuiika m'chikwama, akuti akaitchaje kunyumba. Inatchajidwa mpaka tsiku lomwe ndinatuluka.

Masiku otsalawo bambo aja anayesa kundiphunzitsa mfundo zosokera khoka, pogwiritsa ntchito ulusi womwe tinkasolola m'bulangete. Zanga zinkamasuka zokha. Tsiku lachitatu anandilanda ulusiwo mwaulemu, n'kundipempha kuti ndizingowawerengera nyuzipepala.