Katemera Anadzutsa Mkazi Mnzawo

Pamsewu wathu tonse timawatcha Mayi Telala, chifukwa makina awo osokera sachoka pakhonde. Amuna awo anali dalaivala wa basi. Mayiwo ndi mkazi wachiwiri, analowa m'nyumbamo woyamba atamwalira. Ukalamba utafika, bambowo mutu unayamba kusokonekera. Ankaika nsapato mufiriji, ankafunsa mkazi wawo yemwe kuti, "Mayi, mukutsikira pati?"

Mayi Telala ankangoseka, n'kuwasambitsa, n'kuwameta ndevu. Atamva kuti kuchipatala chachikulu akuyesa katemera wa matenda oiwalaiwala a okalamba, anapita nawo kukawalembetsa. Dokotala anawachenjeza kuti ndi kafukufuku chabe: ena amabayidwa katemera weniweni, ena madzi amchere, ndipo ngakhale iyeyo sadziwa kuti ndani walandira chiyani.

Patapita miyezi, bambo aja anayamba kulankhulako zomveka. Koma zonse zomwe zinabwerera zinali za malemu mkazi wawo woyamba: mmene ankaimbira pochapa, kampata ka m'mano mwake, kasekedwe kake. Tsiku lina anayang'anitsitsa diresi lomwe Mayi Telala ankasoka, n'kunena kuti, "Ili likanamukhala mkazi wanga. Mumamudziwa, mayi? Wokongola ngati iye sanabadwenso."

Singano inawalasa chala Mayi Telala. Tsiku lomwelo anatsitsa chithunzi cha malemu, chomwe chinakhala pabalaza zaka zonsezi osawavuta mtima, n'kuchilowetsa kuseri kwa kabati.

Atapitanso kuchipatala anamufunsa dokotala uja, "Adokotala, mankhwala anuwa ali ndi tsankho? Matewera ndisinthe ine, kukumbukira akumbukire wakumanda?"

"Zakale ndi zimene zimachedwa kufufutika, mayi. Mwinanso si katemerayo n'komwe. Kodi tiwachotse m'kafukufukuyu?"

Mayi Telala anapotokola lamba wa chikwama chawo. "Ayi, abayeni. Mwina mzere ukuyenda, nanenso adzandifika."

Mwana wa malemu uja, mayi wamkulu wa ana ake kale, anayamba kubwera Loweruka lililonse kudzamva bambo ake akusimba za amayi ake. Mayi Telala amawapangira tiyi, n'kutuluka kukapalasa makina mwaukali kuti asamve kanthu. Koma sabata yatha ndinawapeza ataima pachitseko, khutu lili tcheru, nsalu ya kasitomala ili paphewa.

"Akuti ankaphika bwino," anandinong'oneza. "Bodza lenileni. Alamu anga anandiuza kuti mayi ameneyo ankapsereza ndi madzi omwe."